Mdzukulu wanga si theka la munthu



Dzulo mdzukulu wanga wobadwira ku Joni anandionetsa pafoni mtsikana woimba, dzina lake Tyla. Mdzukuluyu bambo ake ndi mwana wanga, mayi ake ndi Mzulu. Ndiye akuti, "Agogo, uyutu ali ngati ine." Mawu amenewa andisowetsa tulo, chifukwa ndamvapo ena kumjigo akumutchula kuti wobwera.

Tyla anabadwa mu 2002 ku Johannesburg. Makolo ake akale ena anali Azulu, ena Amwenye, ena a ku Mauritius ndi ku Ireland. Kwawoko anthu otere amatchedwa makaladi, ndipo iye amadzitchula choncho. Koma ku America dzinali ndi lachipongwe chifukwa cha tsankho lakale, moti ena kumeneko anamunena kwambiri. Iye sanakane kuti ndi wakuda, komanso dzina la kwawo sanalitaye.

Nyimbo zakenso ndi zosakaniza. Kugunda kwake ndi kwa amapiano a kwawo, kaimbidwe nkofanana ndi ka ku America, kavinidwe nkochokera ku Pretoria. Nyimbo yake ya Water inapata mphoto ya Grammy mu 2024. Akanasankha mbali imodzi, bwenzi ikukoma choncho?

Zovala zokha ndisaname, zina nzazifupi zedi, mdzukulu wanga sangapite nazo kuchigayo ine ndili moyo. Chaka chomwecho ku New York anavala diresi yamchenga, mpaka anachita kumunyamula pamasitepe. Ndinaseka! Koma kusakonda diresi ndi nkhani ina, kufunsa mwana kuti "kodi iwe ndiwe mtundu wanji kwenikweni" ndi nkhani inanso.

Ife alimi timamezanitsa mango. Tsinde la mango a kwathu, nthambi ya mtundu wina, mtengo umodzi, ndipo umabereka msanga. Palibe amafunsa bango kuti kwanu nkuti.

Nanga Angoni aja anaoloka Zambezi mu 1835 sanachokere komweko kwa Azulu? Lero akuvina ingoma uku akulankhula Chichewa, ndipo ndi athu.

Ana athu ambiri ali ku Joni, adzukulu otere azibwerabe. Akafika tiwaphunzitse mfunda wawo ndi kupalira, nawonso atiphunzitse za kuchimayi kwawo. Tikamawatchula obwera, adzasiya kubwera.

Ndatha ine wanu.