Katemera akachepa, ayambire kugombe

Akuluakulu amati moto umapita kwatsala tchire. Wodziwa zimenezi salambula munda wonse tsiku limodzi, amayamba kumene udzu wauma wakhudzana ndi nkhokwe. Katemera akachepa pa mliri, nzeru yake ndi yomweyo, ndipo kuno ku Salima malo oyambira ndi magombe a asodzi: Senga Bay, Chipoka, Chikombe.

Kolera yomwe inabuka mu Malichi 2022 inapha Amalawi oposa 1,700, ndipo Salima inali m'gulu la maboma omwe anavutika kwambiri. Katemera anali wochepa padziko lonse, moti mu Okutobala chaka chomwecho WHO ndi mabungwe anzake anagamula kuti munthu azimwa kamodzi m'malo mwa kawiri. Mu Novembala tinalandira wokwanira anthu 2.9 miliyoni, m'dziko la anthu pafupifupi 20 miliyoni. Apa kusankha kunali kosathawika.

Taonani gombe m'bandakucha. Mabwato a chilimira akocheza, amayi a mabeseni alowa m'madzi mpaka m'maondo kulimbirana usipa, wina akutsuka mbale, mwana akutunga madzi akumwa pomwepo, zimbudzi n'zowerengeka. Dzuwa likamalowa, ena mwa anthuwa ali kale pamsika ku Lilongwe, ena apalasa kulowera ku Nkhotakota. Matenda amakwera nawo.

Ena amati n'kulakwa kutsogoza anyamata amphamvu pamene ana ndi nkhalamba ndiwo amafooka msanga. Nkhawayi ndi yomveka, ndipo pa Covid-19 mu 2021 kunali koyenera kuyambira azaumoyo ndi okalamba. Koma kolera imayenda ndi madzi, ndipo gombe si la asodzi okha: ana awo ndi agogo oyanika nsomba pathandala amamwa madzi omwewo, nawonso alandire limodzi. Enanso amati asodzi ambiri ndi obwera, sapezeka. Mu 2016 pa nyanja ya Chilwa, asodzi okhala m'zimbowera, tinyumba toyandama panyanja, anamwa katemera woyamba pamaso pa azaumoyo, wachiwiri n'kutenga kukamwera okha panyanja. Anapezeka chifukwa anawatsatira.

Ndandanda ya oyamba kulandira payokha sikopa munthu. Mu Meyi 2021 tinawotcha madozi 19,610 a katemera wa Covid-19 wa AstraZeneca atatha mphamvu, mphekesera zili ponseponse. A zaumoyo ku Salima, khalani pansi ndi mafumu ndi makomiti a m'magombe mvula isanagwe, mufotokoze poyera chifukwa chake mukuyambira kunyanja, ndipo katemerayo mubwere naye nthawi imene mabwato akukocheza.