Wolemba wotchuka akasocheretsa anthu, atsinidwe khutu

Pali mabuku ena amene ngakhale munthu amene sakonda kuwerenga amawadziwa mayina. Amagulitsidwa m'mashopu komanso m'mbali mwa misewu ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo achinyamata amatumizirana pa WhatsApp. Ndikunena mabuku ngati Outliers la Malcolm Gladwell, Rich Dad Poor Dad la Robert Kiyosaki, ndi ena onena za ndalama, tulo, ubongo ndi mmene munthu angapambanire m'moyo. Awa si mabuku a nthano. Amatiuza kuti zimene zili m'katimo ndi zoona, zinachitikadi kapena zinafufuzidwa. Ndiye funso langa sabata ino ndi ili: munthu akatulukira n'kudzudzula mwamphamvu wolemba buku lotere, kodi ndi nsanje kapena akutithandiza?

Ine ndikuti nthawi zambiri akutithandiza, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Tiyambe ndi Outliers, limene linatuluka mu 2008. Bukuli ndi limene linatchukitsa mfundo yakuti munthu amakhala katswiri akathera maola 10,000 akuyeserera chinthu chimodzi. Mfundoyi inachokera pa kafukufuku wa mu 1993 wa Anders Ericsson ndi anzake awiri, amene anafufuza ophunzira kuimba vayolini pa sukulu ya nyimbo ku Berlin. Anapeza kuti ophunzira aluso kwambiri anali atayeserera pafupifupi maola 10,000 pofika zaka 20. Koma Ericsson mwiniwake anadzadandaula kuti ntchito yake inamvedwa molakwika. Nambala ija inali ya pakatikati chabe, ena anali pansi pake ena pamwamba. Komanso iye sankanena za kungobwereza chinthu, ankanena za kuyeserera kokhala ndi mphunzitsi wokonza zolakwa zako. Mu 2014, Brooke Macnamara ndi anzake anaphatikiza zotsatira za mafukufuku ambiri ndipo anapeza kuti kuyeserera kumafotokoza pafupifupi 21 peresenti ya kusiyana kwa luso pa nyimbo, 18 peresenti pa masewero, ndi 4 peresenti yokha pa maphunziro.

Mwina mukuti, aaa, nanga zimenezo zikutikhudza bwanji ife? Taganizani za kholo limene lamva mfundo ya maola 10,000 pa msonkhano wolimbikitsa achinyamata. Mwana wake akalephera masamu, kholo lija lidzati ndi ulesi basi, sanakwanitse maola. Silidzafunsa ngati mwanayo ali ndi buku, ngati m'kalasi mwawo muli ana 100 pa mphunzitsi mmodzi, kapena ngati amapita kusukulu atadya. Chodabwitsa n'chakuti buku la Gladwell lenilenilo limanena zambiri za mwayi ndi kumene munthu anabadwira, koma chimene chinayenda dziko lonse ndi nambala yokoma kuitchula ija. Wolemba waluso amadziwa kuti nambala yozungulira bwino imamatirira m'mutu, choncho sangathawe mlandu wonse ponena kuti anthu anamumva molakwika.

Mu 2009, katswiri wa za maganizo Steven Pinker analemba ndemanga yowawa mu nyuzipepala ya New York Times pa buku lina la Gladwell lotchedwa What the Dog Saw. Mwa zina, anasonyeza kuti Gladwell analemba molakwika liwu la masamu lakuti eigenvalue. Ena anati uku n'kutola tizinthu tating'ono. Koma mfundo ya Pinker inali yakuti wolembayo anangomva liwulo kwa katswiri n'kulilemba mmene linamvekera, osadziwa tanthauzo lake. Ngati munthu akukufotokozera chinthu chimene iyenso sakuchidziwa, uyenera kuuzidwa usanamukhulupirire pa zina zikuluzikulu.

Kudzudzula kwina kumateteza ndalama za anthu. Mu 2006 kunatuluka buku la Three Cups of Tea, lonena za Greg Mortenson ndi ntchito yake yomanga sukulu ku Pakistan ndi Afghanistan. Linagulidwa kwambiri, ndipo ngakhale ana a sukulu ku America ankasonkha timakobiri kuti athandize. Mu 2011, wolemba mabuku Jon Krakauer, amene poyamba anali mmodzi mwa opereka ndalama ku ntchitoyo, pamodzi ndi pulogalamu ya pa kanema ya 60 Minutes, anaonetsa kuti nkhani zina za m'bukumo sizinachitike mmene zinalembedwera, komanso kuti ndalama za bungwe sizinkayenda bwino. Mu 2012 akuluakulu a zamalamulo ku Montana atafufuza, Mortenson anavomera kubweza madola 1 miliyoni ku bungwelo. Sukulu zina zinamangidwadi, zimenezo n'zoona. Koma Krakauer akanati alankhule monong'ona poopa kukhumudwitsa munthu wokondedwa ndi ambiri, opereka ndalama akanapitiriza kupereka ali mumdima.

Ndiye pali nkhani ya Naomi Wolf. Mu May 2019 anapita pa wailesi ya BBC kukakamba za buku lake latsopano la Outrages. Wofunsa mafunso, Matthew Sweet, anamuuza pa wailesi pomwepo kuti sanamvetse mawu ena a m'mabuku akale a khoti ku Britain. Iye ankaganiza kuti mawuwo akutanthauza kuti oimbidwa mlandu ananyongedwa, pamene kwenikweni ankatanthauza kuti chilango cha imfa changolembedwa koma sichinaperekedwe. Kampani imene inkati isindikize bukulo ku America inadzalisiya. Zinali zochititsa manyazi, eti? Inde. Komatu bukulo linali litadutsa m'manja mwa akonzi, ndipo palibe anaona vutolo mpaka munthu mmodzi atapita kukawerenga yekha zolembedwa za khoti. Chimodzimodzi Jonah Lehrer, amene mu 2012 anagwidwa ndi mtolankhani Michael Moynihan kuti anapeka mawu ena n'kunena kuti ndi mawu a woimba Bob Dylan. Buku lake la Imagine linachotsedwa pamsika, iyenso anasiya ntchito ku magazini ya The New Yorker.

Apa pakuoneka chinthu chimene ambiri sitichidziwa. Buku kukhala ndi chikuto chokongola, kusindikizidwa ku New York kapena ku London, sizitanthauza kuti wina anafufuza mfundo iliyonse. Kawirikawiri udindo wotsimikiza zoona umasiyidwa kwa wolemba yemweyo. Choncho wodzudzula amakhala mlonda womaliza. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo pafunika wina wolimba mtima woti aung'ambe nkuyuwo pagulu.

Tsono bwanji osadzudzula mofatsa? Ife tinakula tikuphunzitsidwa ulemu, ndipo munthu wotsutsa wamkulu pagulu timamuona ngati wamwano kapena wansanje. Ulemu ndi wabwino, sindikukana. Koma taonani kusiyana kwa mphamvu. Wolemba wotchuka ali ndi kampani yomutsatsa, amaitanidwa pa wailesi ndi pa kanema, buku lake limamasuliridwa m'zinenero zambiri. Wodzudzula ali ndi tsamba limodzi kapena awiri. Akayamba ndi ndime zisanu zoyamikira n'kubisa cholakwacho kumapeto, owerenga amangotola zoyamikirazo, mwinanso kampani n'kuzisindikiza kuseri kwa chikuto. Mawu olimba ndi amene amamveka. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo kutsina kosapweteka si kutsina.

Kwa ife kuno nkhaniyi ndi yaikulu kuposa kwa anzathu a kumene mabukuwa amalembedwa. Kumbukirani William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, amene anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo atawerenga buku la Using Energy kuchokera ku kalaibulale kakang'ono ka kwawo. Buku limodzi linasintha moyo wake chifukwa zimene zinali m'katimo zinali zoona. Kumene mabuku ndi ochepa, buku limodzi limalemera kwambiri. Wowerenga wa ku Boston akanamizidwa ndi buku lina, mawa akumana ndi lina lolitsutsa. Mwana wa ku Wimbe kapena ku Nsanje akhoza kukhala ndi bukulo lokha kwa zaka, ndipo ndemanga zolitsutsa sizimufika n'komwe. Buku limawoloka nyanja, koma kukonza zolakwa zake kumatsalira tsidya lina.

Komabe sikuti aliyense wokalipa ali ndi mfundo. Pali kudzudzula kumene ndi nsanje yeniyeni, kwa anthu amene zimawawawa kuti mnzawo wagulitsa mabuku ambiri. Palinso akatswiri amene amanyansidwa ndi aliyense wofotokoza zinthu zovuta m'mawu osavuta, ngati kuti nzeru ndi zawo zokha. Ine sindili nawo amenewo. Kufewetsa nkhani si tchimo, ndipo olemba ngati Gladwell achititsa anthu ambiri kukonda kuwerenga. Tchimo ndi kunena motsimikiza chinthu chimene umboni wake ndi wofooka.

Njira yosiyanitsira ndi yapafupi. Wodzudzula wabwino amakuuza tsamba, amakuuza zimene wolemba ananena, kenako amakuonetsa umboni woti iwenso ukhoza kukaufufuza. Sweet anabweretsa zolembedwa za khoti. Moynihan anafunsa kumene mawu a Dylan anachokera mpaka zinadziwika kuti kulibe. Wodzudzula woipa amakamba za nkhope ya wolemba, chuma chake, kapena amanyoza anthu amene amakonda bukulo. Woyambayo akhoza kukhala waukali mmene angafunire, ine ndimulandira. Wachiwiriyo ngakhale atalankhula mwaulemu, palibe chimene wandipatsa.

Ndiye inu makolo ndi achinyamata anzanga, sindikunena kuti mutaye mabukuwa. Werengani ndithu. Koma mwana akabwera ndi mfundo yochokera m'buku lotchuka, mufunseni kuti wolembayo anaidziwa bwanji, anafufuza anthu angati, ndipo anthuwo ankakhala moyo wofanana ndi wathu kapena ayi. Buku likamakulimbikitsani kutenga ngongole kuti mulemere, dzifunseni ngati chiwongoladzanja cha kumene wolembayo amakhala chikufanana ndi cha kubanki kwanu kapena cha katapila wa m'dera lanu. Ngati muli ndi bandulo, fufuzani pa intaneti zimene akatswiri a nkhaniyo ananena za bukulo, ndipo muyambe ndi ndemanga yowawa kwambiri. Mukaiwerenga n'kupeza kuti ilibe umboni, bukulo mulikhulupirira ndi mtima wonse. Mukapeza kuti ili ndi umboni, mwapulumutsa ndalama zanu, nthawi yanu, mwinanso mwana wanu. Paja safunsa anadya phula.