Nawo mabuku a ana awoloke nyanja

Asilamu anzanga, sitima ya Ilala ikamanyamuka ku Monkey Bay imasenza matumba a ufa, shuga, simenti ndi malata kupita ku Likoma ndi Chizumulu. Mabwato a padoko la Kachulu nawo amawolotsa katundu wotere kupita pachilumba cha Chisi m'nyanja ya Chilwa, ndipo pobwerera amadzaza matemba ndi milamba imene timadyera nsima kumtunda kuno. Koma ndi kangati pamene ife tidaikapo katoni ya mabuku a ana pakati pa katunduyo?

Mwana wa pachilumba sangayende wapansi kukafuna buku kutauni. Kawirikawiri buku limene amaligwira ndi la m'kalasi lokha, lowerengera limodzi ndi anzake, ndipo belu likalira limabwerera m'kabati. M'zaka zimene ndaphunzitsa kusekondale ndaona ana ofika Fomu 1 akuwerenga modukizadukiza, chala chili pamzere. Si umbuli ayi. Kupalasa bwato sikuphunziridwa pamchenga, ndipo kuwerenga kumakhwima mwa mwana amene wawerenga nthano zambiri mwa kufuna kwake, popanda womuopseza ndi mayeso.

Ndikudziwa zimene ena anganene pambuyo pa Swala ya Ijumaa: tiyambe tagula ma Juzu ndi kufolera madrasa athu, nthano za Kalulu zidikire. Ena adzaonjeza kuti anthu ambiri a ku Likoma ndi Akhristu a mpingo wa Anglican, nanga sadaka yathu ikatani kumeneko? Mayankho onse awiri ali m'mbiri yathu. Ndime zoyamba kuvumbulutsidwa, za mu Surah Al-Alaq, zidalamula kuwerenga ndipo zidatchula cholembera. Itatha nkhondo ya Badr m'chaka cha 624, akaidi ena a ku Makka amene adalibe chuma chodziwombolera adamasulidwa pophunzitsa ana a ku Madina kulemba, aliyense ana khumi. Aphunzitsi amenewo sadali Asilamu, koma Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) adawapatsa ana a maswahaba kuti awaphunzitse. Ngati maphunziro adalandiridwa kuchokera kwa wachipembedzo china, tingawamane bwanji mwana wa mnansi wathu chifukwa cha tchalitchi cha makolo ake?

Tisaiwalenso kuti agogo athu ambiri adaletsa ana kupita kusukulu za mishoni poopa kuti angasiye Chisilamu. Mantha awo adali ndi chifukwa, koma mtengo wake tikulipirabe. Lero Qur'an yolemekezeka ilipo yotanthauziridwa m'Chichewa, ndipo mwana amene sadziwa kuwerenga Chichewa sangapindule nayo ngakhale ataloweza ma Surah ambiri.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikupempha kuti tichisamale. Tisasandutse zilumba kukhala dzala lotayako mabuku amene atitopetsa m'nyumba. Surah Al-Baqarah, ndime ya 267, imatiletsa kusankha choipa kuti ndicho tipereke, chimene ife eni sitikadachilandira mokondwa. Buku long'ambika chikuto, losowa masamba, kapena la Chingerezi chozama chonena za chipale chofewa, silingamuthandize mwana wa Sitandade 2. Iye akufuna zilembo zikuluzikulu, zithunzi, ndi nkhani za m'chiyankhulo chimene akuphunzira kusukulu. Za Chingerezi chosavuta zibwere pambuyo, za akulupo. Ndi bwino kugula mabuku asanu atsopano kusiyana ndi kusonkhanitsa makumi asanu odyedwa ndi chiswe.

Hadith yodziwika ya mu Sahih Muslim imatiphunzitsa kuti sadaka yopitirira ndi maphunziro opindulitsa zimamufikabe munthu ali m'manda. Buku limodzi lodutsa m'manja mwa ana ambiri lili ndi mbali m'zonse ziwiri, koma pokhapokha ngati likuwerengedwa. Lotsekeredwa muofesi poopa kuti lingade silisiyana ndi limene silidatumizidwe.

Tsono komiti ya mzikiti uliwonse wa ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota iyambe yafunsa aphunzitsi a pachilumba mabuku amene akusowa. Mabukuwo akulungidwe m'pulasitiki ndi kuikidwa m'ndowa zovindikira, pakuti madzi a m'bwato sasankha katundu. Akafika aperekedwe m'manja mwa mphunzitsi wamkulu pamaso pa makolo, pamodzi ndi kope lolembamo mayina a obwereka, ndipo tigwirizane nawo kuti mwana aziloledwa kupita nalo buku kunyumba Lachisanu n'kulibweza Lolemba.