Kalata ya nyakwawa si taitolo

Chiyambire pamene Chipata anakhala mzinda mu 2017, Kasenengwa n'kukhala boma palokha mu 2018, ogulitsa malo ndi nyumba achuluka. Ine sindidana nawo maejentiwa. Wodziwa ntchito yake amakuuzani nyumba ya ku Kapata kapena ku Mchini imene madzi amalowa dzinja likafika, ndi imene abale akulimbirana. Munthu wotere alipidwe ndithu.

Chimene chimandiwawa ndi mphunzitsi wopuma pantchito kupereka penshoni yake yonse atangoonetsedwa kalata ya nyakwawa. Malo ambiri kuno ali m'manja mwa mafumu monga a Madzimawe. Lamulo la malo la 1995 limati malo otere asanalandire taitolo ya zaka 99, mfumu ivomere, khonsolo ivomerenso, kenako nkhani ipite ku Unduna wa za Malo. Ejenti wobisa zimenezi akukuberani masanasana.

Mufunseni ngati analembetsa ku Zambia Institute of Estate Agents. Kaoneni mabikoni ndi maso anu, mucheze ndi oyandikana nawo. Ngati mwininyumba anamwalira, musatulutse ngwee musanaone pepala la khoti losankha woyang'anira chuma chamasiye.