Bala la Singano ndi Masiku Otsatira

Mayi amene wapeza chotupa m'bere, nalimba mtima kukaonekera ku chipatala chachikulu monga cha Queen Elizabeth ku Blantyre kapena cha Kamuzu ku Lilongwe, kawirikawiri amauzidwa kuti pafunika kutapako kanyama kuti akakayeze, ntchito imene madokotala amaitcha biopsy. Ndipo apa m'pamene mtima umagwa, pakuti m'midzi mwathu mudakali mbiri yakuti chotupa chikalasidwa ndi chitsulo chimalusa n'kufalikira thupi lonse. Mbiri imeneyi ndi yabodza, ndipo yabweza amayi ambiri pakhomo pa chipatala pamene nthawi yowathandiza inalipo.

Zoona zake n'zakuti namwino kapena dokotala amayamba wabaya jakisoni wochititsa dzanzi, kenaka amalowetsa singano pakabala kakang'ono, natapa tinyama tingapo, natsindika pamalopo kufikira magazi ataleka. Dzanzi likatha, bere limawawa ndi kutupa pang'ono, khungu limada mozungulira balalo, ndipo ena amamva kachotupa kolimba ka magazi oundana, kamene kamasungunuka kokha pakapita masabata. Panado ndi wokwanira. Asipulini ayi, pokhapokha dokotala atalola, chifukwa amachedwetsa magazi kuundana. Bandeji isanyowe tsiku loyamba kapena lachiwiri. Koma bala likafiira ndi kutentha, likatuluka mafinya, thupi likayamba kuphwanya ndi kutentha, kapena magazi akapitirira kutuluka ngakhale mwatsindikapo, musadikire kuti kuche kawiri: bwererani ku chipatala.

Pano ndilankhule ndi inu abambo, apongozi ndi ana aakazi a m'nyumbamo. Madokotala amalangiza kuti kwa tsiku limodzi kapena awiri mayiyo asanyamule zolemera. Koma kwathu kuno, kumene ndowa ya kumjigo, musi wa pamtondo ndi mtolo wa nkhuni zimadikira mayi yemweyo, malangizowa sangatheke ngati ena sanyamuka kumulandira ntchito, chifukwa kutukula ndowa yodzaza kuisenza pamutu n'kokwanira kutsegula bala limene linayamba kutseka.

Komabe chimene chimalemera koposa bala ndicho kudikira zotsatira. Akatswiri oyeza tinyamati m'dziko muno ndi ochepa, ngakhale labotale ya ku chipatala cha Kamuzu, imene inatsegulidwa mu 2011, inapepuzako vutoli, ndipo masiku amatalika, tulo timasowa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma kudekha sikutanthauza kukhala pansi, bala litapola, n'kumati nkhani yatha. Zotupa zambiri za m'bere si khansa, ndipo imene ili khansa imachizika bwino ikadziwika msanga.

Chifukwa chake, mayi, sungani bwino buku lanu la kuchipatala, funsani tsiku lobwerera musanatuluke pakhomo, ndipo tsikulo likafika pitani, ndi m'bale wanu akuperekezeni.