Ola Limodzi pa Nsanja, Miyezi Itatu pa Msewu

Mwezi wa June ukafika, pamene ife kuno tatsiriza kukolola, nkhokwe zadzaza kapena zalephera kudzaza monga mwa chifundo cha mvula ya chakacho, ndipo mphepo ya chiperoni yayamba kutilowetsa m'nyumba dzuwa likangopendeka, anthu a ku Ulaya amakhala akulandira nyengo yawo yotentha, imene amaidikira chaka chathunthu ndi mtima wonse. M'miyezi itatu imeneyo, June, July ndi August, madambo a msipu ndi mabwalo a m'mizinda amasanduka misasa ya zikondwerero za nyimbo. Ku Glastonbury, pa famu ya ng'ombe zamkaka ya ku Somerset kumene chikondwerero chidayamba mu 1970, kumasonkhana anthu pafupifupi 200,000. Ku Roskilde m'dziko la Denmark akhala akusonkhana kuyambira 1971. Ndipo chikondwerero cha WOMAD, chimene woimba Peter Gabriel ndi anzake adachiyambitsa mu 1982, chidabadwa ndi cholinga chakuti oimba a mitundu yonse ya pansi pa thambo amveke pamalo amodzi. Pakati pa khamu la oimba amene amayendayenda m'zikondwerero zimenezi pamapezekanso ana a dziko lino, ndipo zithunzi zawo zikatifika pa Facebook, ataima pa nsanja yowala, patsogolo pawo pali azungu osawerengeka atakweza manja, timagwedeza mitu ndi kunena kuti anyamata aja aphula. Lero, inu awerengi anga, ndifuna tiyang'ane kuseri kwa chithunzicho, pakuti akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Njira imeneyi si yatsopano. Mu 1967 katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, adakumana ndi Daniel Kachamba ndi mng'ono wake Donald, ana a m'mudzi wa Singano ku Chileka, akuimba kwela ndi gitala ndi chitoliro m'misewu ya Blantyre, ndipo mu 1972 abale awiriwo adafika ku Ulaya kukaimba pamaso pa anthu ophunzira amene adamva mwa iwo luso limene ife tinkangolidutsa. Mu 2013 a Malawi Mouse Boys, amene ankagulitsa mbewa zowamba m'mbali mwa msewu, adaimba ku WOMAD. Ndipo a Madalitso Band, Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni, amene kwa zaka zambiri ankayenda pansi kuchokera ku Mtandire kukaimba m'misewu ya Lilongwe, adatuluka m'dziko lino koyamba mu 2017 kukaimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar, ndipo kuchokera pamenepo zitseko za Ulaya, za Roskilde ndi WOMAD zomwe, zidawatsegukira. Onsewa, ngakhale adasiyana mibadwo, adayenda msewu umodzi, ndipo msewuwo uli ndi malamulo ake amene sasintha.

Ulendo umayamba kalekale ndege isananyamuke, ndipo umayamba ndi mapepala. Woimba wa ku Germany akafuna kukaimba ku France amangokwera galimoto n'kumapita. Koma woimba wa ku Malawi, ngakhale ataitanidwa ndi kalata yosindikizidwa bwino, ayenera kupempha viza, napereka umboni wa kumene adzagona usiku uliwonse, wa amene adzamlipira akadwala, ndiponso, koposa zonse, wakuti adzabwerera kwawo, umboni umene munthu wopanda malo olembedwa m'dzina lake kapena buku la kubanki lonenepa amavutika kuupeza. Viza ya Schengen imalola munthu kuyenda m'maiko ambiri a ku Ulaya, koma masiku 90 okha mwa masiku 180 alionse. Britain sali m'gulu limenelo, chotero afuna viza yakeyake, ndipo popeza pasipoti imakhala m'manja mwa ofesi imodzi kwa milungu ingapo, munthu sangathe kugogoda pa makomo awiriwo nthawi imodzi. Ndalama yofunsira viza, akakukana, sibwezedwa. Mu 2018 oimba ena a ku Africa amene adaitanidwa ku WOMAD adalephera kufika chifukwa cha nkhani yomweyi, kufikira Peter Gabriel mwini adadandaula poyera. Tsono pamene tiona mwana wathu ataima pa nsanja ya kutsidya kwa nyanja, tidziwe kuti wapyola pa chipata chopapatiza chimene anzake ambiri adabwerera.

Chikatha chipata cha mapepala, pamabwera cha katundu. Kuchokera ku Lilongwe kulibe ndege yopita ku Ulaya mwachindunji. Munthu amatsikira ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg, nadikira maola ambiri pa mpando wouma, mtima uli phaphapha poganizira ngati choimbira chake chakwera nawo ndege yachiwiri. Gitala ikatayika, a chikondwerero angathe kubwereka ina m'tauni momwemo. Koma babatoni, mtengo uja wautali kuposa munthu woimirira, wokhala ndi ng'oma ya chikopa cha ng'ombe ndi chingwe chimodzi chokha, sagulitsidwa m'sitolo iliyonse ya ku London kapena ku Paris, pakuti mwini wake ndiye adampanga ndi manja ake, ndipo akathyoka panjira, mwini wake yemweyo ndiye sing'anga wake. Chikwama chololedwa pa ndege zambiri sichipitirira makilogalamu 23, ndipo chilichonse chachitali kapena cholemera kuposa muyeso chili ndi mtengo wake. Ngakhale choimbira chifike chamoyo, chinyontho cha kumeneko chimafewetsa chikopa, ng'oma n'kuyamba kulira mogonthera. Kwathu tikadaiwamba pa moto wa mapesi, koma kuseri kwa nsanja ya azungu palibe amene angakuloleze kukoleza moto, ndipo woimba amasaka chotenthetsera chilichonse chamagetsi chimene chingapezeke.

Moyo weniweni wa ulendo, komatu, uli m'galimoto. Zikondwerero sizindandalikidwa monga mwa kufupika kwa njira, koma monga mwa masiku amene eni ake adasankha, kotero kuti gulu limene laimba usiku wa Lachisanu ku Belgium lingathe kufunika masana a Loweruka kummwera kwa Germany, ndi Lamulungu ku Switzerland. Amatsika pa nsanja thukuta lili kamukamu, namanga katundu, nagona maola ochepa m'hotela imene sadzakumbukira dzina lake, nadzuka mbandakucha kuti ayende tsiku lonse pa misewu yofanana yonse, akudya buledi wozizira wa pamalo omwetsera mafuta. Akafika, pali kudikira kuti apatsidwe kansalu ka pamkono kowalola kulowa, kudikira kuti ayese zokuzira mawu, kudikira kuti gulu limene lili patsogolo pawo litsirize. Ndipo nthawi yawo ikakwana, amapatsidwa mphindi 45 kapena ola limodzi, osawonjezera ngakhale anthu atakuwa chotani, pakuti wosunga nthawi waima pambali ndi wotchi yake. Mizinda yotchuka imene ife timaiwerenga m'mabuku iwo amaiona pa windo, ikudutsa. Ku Denmark dzuwa la June limalowa cha m'ma 10 koloko usiku n'kutulukanso anthu asanakhute tulo, ndipo thupi lozolowera kuti mdima umagwa 6 koloko limasokonezeka, losadziwa nthawi yogona. Mvula nayo siyang'ana kuti ndi nyengo yotentha: matope a ku Glastonbury adatchuka pa dziko lonse, ndipo kumeneko mwambi uja wakuti walira mvula walira matope umakwaniritsidwa monga momwe udanenedwera.

Za chakudya ndisanene zambiri, pakuti aliyense wobadwira kuno adziwa kuti munthu angadye nyama ndi mbatata zokazinga mpaka mimba kutuwa, koma ngati sanagwire nsima amati wagona ndi njala. N'chifukwa chake Amalawi okhala ku Manchester, ku Dublin kapena ku Berlin, amene amamva kuti anyamata akwathu afika nabwera kuseri kwa nsanja ndi poto wa nsima ndi usipa wosungidwa bwino, amachita ntchito yachifundo yoposa imene iwo eni aganiza.

Chovuta kuposa njala ndicho kukhalirana. Anthu atatu kapena asanu otsekeredwa m'galimoto imodzi kwa miyezi itatu, otopa, opanda kothawira, amayamba kuonerana zilema zimene kwawo sizinkaoneka: wina amachedwa kudzuka, wina amalankhula pa foni usiku wonse, wina amafunsa za ndalama pa nthawi yosayenera. Kwathu mkangano ukabuka pali ankhoswe, pali akuluakulu a mpingo, pali mwayi wochoka n'kukapola moto kwa mnansi. Panjira palibe zonsezo, ndipo amene mwakangana naye masana ndiye muyenera kugwirizana naye mawu madzulo, mukumwetulira pamaso pa khamu. Magulu ambiri a pa dziko lapansi sadathe chifukwa luso lidawathera, koma chifukwa msewu udawadya. Pamwamba pa izi pamabwera uthenga wa pa WhatsApp wakuti mwana wagonekedwa m'chipatala, kapena kuti kumudzi kwagwa zovuta; ndipo munthu woleredwa m'mwambo wakuti maliro salephereka amapezeka ali kutali, womangidwa ndi pangano limene adasaina, akuimba nyimbo yovinitsa anthu pa ola lomwelo limene abale ake akutsitsa bokosi m'manda.

Tsono tiwerengere phindu, pakuti apa ndi pamene ambiri a ife timalakwira ana athu. Malipiro a chikondwerero akatchulidwa m'mayuro kapena m'mapaundi, n'kuwasandutsa makwacha m'mutu, amamveka ngati chuma cha mfumu. Koma pa ndalama yomweyo pamachoka matikiti a ndege, ndalama za viza, kubwereka galimoto, mafuta ake ndi woyendetsa, malo ogona pa masiku amene kulibe koimba, gawo la amene adakonza ulendo ndi gawo la woyang'anira gulu. Ndipo maiko monga Germany ndi Britain amadula msonkho pa malipiro a woimba wachilendo iye asanawagwire m'manja. Gulu laling'ono sililipidwa monga amalipidwira oimba otchuka amene maina awo amalembedwa ndi zilembo zazikulu pamwamba pa chikwangwani. N'chifukwa chake oimba ambiri, akangotsika pa nsanja, amathamangira pa tebulo kukagulitsa zimbale ndi malaya, podziwa kuti kandalama kameneko ndiko kangafike nako kunyumba kosadulidwa. Chotsalacho chiyenera kudyetsa banja miyezi isanu ndi inayi kufikira nyengo ina. Ndipo chaka cha 2020, pamene mliri wa korona udatseketsa zikondwerero zonse, chidaonetsa poyera kuti ntchito imeneyi ilibe nkhokwe.

Woimba wotereyu afanana ndi makolo athu amene ankapita ku Joni pa Wenela: amachoka pa pangano la miyezi yowerengeka, nagwira ntchito yolemetsa kumene abale sakuona, nabwera ndi sutikesi imene mudzi wonse waiwerengera kale. Asanavule nsapato, malume afuna malata, mlongo afuna fizi ya mwana, mnzake wa ubwana afuna foni, ndipo akanena kuti ndalama n'zochepa amatchedwa wodzikonda amene Ulaya wamusintha. Ena, poopa manyazi, amagawa kufikira atatsala manja lende, n'kuyamba kukongola poyembekeza ulendo wa chaka chamawa.

Nanga n'chifukwa chiyani amabwererako chaka ndi chaka? Chifukwa ola limodzi lija n'loona. Munthu amene kwawo ankaponyeredwa makobidi ndi anthu odutsa osamuyang'ana n'kumaso, akaona khamu la anthu osadziwa liwu limodzi la Chichewa likuvina mpaka fumbi kapena matope, likubwereza mawu a nyimbo yake molakwitsalakwitsa koma ndi mtima wonse, amalandira ulemu umene ndalama siingagule, ndipo amazindikira kuti chimene adapanga ndi mtengo, chikopa ndi waya chili ndi malo pakati pa nyimbo za mitundu. Dziko lathunso limapindula, pakuti alipo ambiri ku Ulaya amene adamva dzina la Malawi koyamba kuchokera pa nsanja, osati pa nkhani ya njala kapena ya madzi osefukira.

Mlandu tsono utsalira ife. Ngati woimba ayenera kupirira zonsezi kuti adye, chifukwa chake china n'chakuti kwawo nyimbo yake timaifuna yaulere: timaikopera pa foni popanda kulipira, timakakamira pa chipata kuti tilowe mwaulere chifukwa timadziwana ndi woimba ng'oma, ndipo pa ukwati timamlipira ndi mbale ya mpunga ndi mawu othokoza, pamene wobwereketsa mipando walandira zake zonse. Kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka. Palibe woimba amene amakonda kugona m'galimoto ku dziko la eni kuposa kugona m'nyumba mwake. Chotero pamene abwera mu September, otopa ndi owonda, tisayambe ndi kufunsa chimene atitengera. Tiwafunse tsiku limene adzaimba kuno, ndipo tsikulo likafika tipite, tilipire pakhomo mtengo wonse wolembedwa, ndi kulekanso kudikira kuti mzungu ayambe watiuza kuti mwana woimba pamphambano uja ndi katswiri.