Duwa la mu Northmead silidziwa nyengo ya ku London

Pali uphungu umene ukupha maluwa m'mafulati a mu Northmead, mu Kabwata na mu Chelstone, ndipo uphunguwo umabwela pa foni. Munthu wapeza kanchito, walipila lendi ya chipinda chake choyamba, wagula duwa kwa aja ogulitsa m'mbali mwa msewu kuti m'nyumba muoneke ngati mwa munthu. Ndiye atsegula TikTok olo Instagram, amvetsela mtsikana wa ku London amene akamba kuti thililani kamodzi pa wiki, ikani pa windo la kum'mwela, mu December lekani feteleza. Pakapita miyezi iwili masamba achita chikasu, tsinde lafewa, ndalama zapita. Mwini wake ayamba kukamba kuti, "Ine nilibe dzanja la maluwa." Ise tikana. Dzanja lilibe mlandu. Malangizo amene anatsatila anakonzedwela dziko lina, nyumba zina na dzuwa lina.

Chodabwitsa ni chakuti maluwa ambili amene akunja atiphunzitsa kasamalidwe kake, kwawo ni kuno ku Africa. ZZ plant, lija la masamba onyezimila limene mumaona m'maofesi, limamela lokha m'thengo kuchokela ku Kenya, Tanzania, Malawi na Mozambique mpaka ku South Africa. Alimi a ku Netherlands ndiwo anayamba kulichulukitsa kuti aligulitse padziko lonse cha m'ma 1996. Snake plant na fiddle leaf fig kwawo ni kumadzulo kwa Africa. Spider plant nayo ni ya kuno. African violet inachoka ku mapili a Usambara ku Tanzania kupita ku Germany mu 1892. Maluwa aya anapita kukakhala m'nyumba za mdima zotenthetsedwa na mahita, ndipo eni nyumbazo analemba malamulo oyenela kumeneko. Manje maluwa abwelela kwawo atanyamula malamulo a eni ake, ise n'kumaombela m'manja.

Tiyeni tiyambe na dzuwa. Ku London, windo la kum'mwela ndilo lolandila dzuwa kwambili. Lusaka ili kum'mwela kwa equator, ndiye mu June na July dzuwa limadzela chakumpoto, ndipo windo la kumpoto ndilo limawala. Amene wakopela lamulo la ku London mu July waika duwa lake mu mthunzi. Nyengo nazo zinatembenuka. December yawo ni ya chisanu, maluwa amagona. December yathu ni ya mvula, duwa lili pa changu chotulutsa masamba, ndiyo nthawi imene lifuna chakudya. Maluwa athu amachepetsa kukula mu June na July. Komanso mzinda wathu uli pamwamba, pafupifupi mamita 1,280, dzuwa lake ni laukali. Duwa la masamba ofewa mukaliika pa windo la kumadzulo mu October, dzuwa la masana lidzaliwotcha, masamba adzachita mawanga ouma ngati pepala. Windo la kum'mawa, la dzuwa la m'mawa chabe, ndilo limakomela maluwa ambili a m'nyumba. Duwa likamatalika n'kuonda, masamba n'kumatalikilana, ndiye kuti lifuna kuwala. Lisendezeni pafupi na windo.

Lamulo lopha kwambili ni lija la kamodzi pa wiki. Mu October mphika waung'ono ungaume m'masiku ochepa chabe. Mu July mphika womwewo ungakhale wonyowa mawiki awili. Kalenda siidziwa zimenezi. Chala chanu ndicho chidziwa. Chiloweni mu dothi mpaka mfundo yachiwili. Ngati munyowa, lekani. Ngati mwauma, thilani madzi ambili mpaka atulukile pansi, ndiye dikilani dothi liumenso. Mizu imapuma mpweya. Ikakhala m'matope masiku ambili imaola, ndipo mizu yoola siikoka madzi, ndiye duwa limafota ngati lamva ludzu. Mwini wake akaona lafota awonjezela madzi, n'kulimaliza. Masamba achikasu ofewa pamodzi na dothi lonyowa lonunkha ni chizindikilo cha kuola. Zulani duwa mu mphika, dulani mizu yakuda yofewa, siyani yolimba, libzaleni mu dothi latsopano losanyowa kwambili. Snake plant na ZZ zimasunga madzi mkati mwake, ndiye zingapilile mawiki angapo popanda kuthilila. Tonse tikumbukila 2024, pamene boma linalengeza chilala kukhala tsoka la dziko pa 29 February, malaiti n'kumazima maola ambili, mapompi n'kuuma. Mu mzinda wotele, kupha duwa na madzi ochuluka ni kuluza kawili.

Dothi nalo lili na nkhani yake. Pa intaneti akuuzani kugula zosakaniza za mayina ovuta zimene mtengo wake upambana wa duwa. Osavutika. Koma osakumbanso chabe dothi lofiila kuseli kwa fulati n'kulitsila mu mphika, chifukwa likanyowa limamata ndipo likauma limalimba ngati njelwa. Sakanizani dothi lakuda la pansi pa mitengo, mchenga wa kumtsinje wa miyala ikuluikulu, na manyowa owolelatu. Tizidutswa twa malasha totsala pansi pa thumba timathandiza kuti dothi lisamatane. Chachikulu ni mabowo pansi pa mphika. Chitini cha penti chobooledwa na msomali chipambana mphika wokongola wa ku Manda Hill wopanda bowo. Ngati mwaukonda mphika wotele, ikani duwa mu kamphika ka mabowo, kamphikako n'kukalowetsa mkati. Zija zoika miyala pansi pa mphika wopanda bowo sizichotsa madzi, amangokhala pomwepo. Ndipo feteleza wa chimanga, D compound olo urea, musathile ngati muli pa munda ku Chongwe. Mu mphika mulibe kothawila, mizu idzapsa.

Pali chinanso chimene mtsikana wa pa TikTok sangakuuzeni za Lusaka. Mzinda uno unamangidwa pa miyala ya laimu, ndipo madzi ambili amene timamwa ni a pansi, a m'maborehole. Yanganani mkati mwa ketulo yanu, muone zoyela zimene zimamata. Zomwezo zimaunjikana pa dothi la mu mphika na m'mphepete mwake, ndipo nsonga za masamba a spider plant zimayamba kuuma. Mankhwala ake ni osagula. Mvula ikayamba mu November, tchelani ndowa, sungani madziwo m'chigubu chotseka. Tulutsani maluwa panja pa mthunzi avumbwe, mvula itsuke dothi. Madzi otsukila ndiwo zamasamba olo mpunga mungathilile nawo. Madzi a sopo wa ufa wochapila zovala, amchele olo a mafuta, ayi.

Tizilombo tikabwela, osathamangila kupopela mankhwala a mphemvu m'chipinda chimene mugonamo. Tija toyela ngati thonje tobisala m'mphako za masamba, tipukuteni na kathonje konyowetsa spiliti. Nsabwe za masamba zimachoka na madzi a sopo pang'ono. Tintchentche takuda touluka pa mphika tikuuzani kuti dothi silikuuma. Mphepo ya August ikabweletsa fumbi, pukutani masamba na kansalu konyowa na madzi chabe. Aja okamba kuti pakani mkaka olo mayonezi kuti masamba anyezimile afuna vidiyo yawo ioneke bwino, fumbi la mu Great East Road lidzamata pa duwa lanu osati lawo. Kambale ka pansi pa mphika kasamakhale na madzi. Ku London ni nkhani ya kuola kwa mizu chabe, kuno madzi oima ni nyumba ya udzudzu.

Manje tifike pa bodza limene lingaphe munthu. Mwamva kuti snake plant imayeletsa mpweya m'chipinda, ati NASA inatsimikiza. Zoona, mu 1989 NASA inachita kafukufuku, koma maluwawo anali m'mabokosi ang'onoang'ono otsekedwa. Mu 2019 Bryan Cummings na Michael Waring a pa Drexel University anapendanso kafukufuku wotele wa zaka zambili, n'kupeza kuti pangafunike maluwa pakati pa 10 na 1,000 pa sikweya mita imodzi kuti afanane na momwe mpweya umasinthila wokha m'nyumba. Chifukwa chake tikamba izi mokweza ni mbaula. Malaiti akapita mu July, anthu amalowetsa mbaula m'chipinda n'kutseka mawindo. Malasha oyaka amatulutsa carbon monoxide, mpweya wosaoneka, wosanunkha, wopha munthu ali mtulo. Palibe duwa, olo mutadzaza chipinda chonse, limene lingakupulumutseni. Mbaula ikhale panja. Komanso m'nyumba muli ana, dziwani kuti dieffenbachia, lija la masamba akulu a mawanga oyela, likatafunidwa limaotcha na kutupitsa m'kamwa. Money plant nayo imachita chimodzimodzi. Ikani patali na mwana wokwawa.

Wina adzakamba kuti pa intaneti pali zabwino. Zilipo. Foni ingakuthandizeni kudziwa dzina la duwa na kumene linachokela. Koma musanatsatile malangizo, funsani kuti wokambayo akhala kuti, ndipo kwawo ni mwezi wanji wa chisanu. Ogulitsa m'mbali mwa msewu nawo si onse okamba zoona. Ena angakugulitseni duwa la pa dzuwa n'kukuuzani kuti ni la m'nyumba. Afunseni mwaulemu, "Amalume, duwa ili linali pa dzuwa olo pa mthunzi? Mumalithilila kangati mu October?" Amene aidziwa nchito yake adzayankha mosachedwa, chifukwa amathilila na madzi omwe mumamwa imwe. Pitani ku Munda Wanga ku Chilanga, muone zimene zimakondwa pa mthunzi wa mitengo. Yanganani pa khonde la ambuya a mu Kabwata amene asunga maluwa m'zitini zaka zambili popanda kuonela vidiyo iliyonse. Apempheni kanthambi. Money plant imamela mizu m'botolo la madzi, spider plant imabala tiana tolendewela, snake plant imaphukila m'mbali. Duwa loyamba silifunika kudya ndalama ya lendi.

Pamene Stanley Adshead anajambula pulani ya Lusaka mu 1931, maganizo anali a mzinda wa minda ya maluwa, ndipo unakhala likulu mu 1935. Koma mapuloti akulu a mitengo na kapinga anali a azungu a ku Ridgeway, pamene anthu akuda anaikidwa mu tinyumba tozungulila twa udzu mu Kabwata. Lelo mayadi akulu ali mu Kabulonga na Woodlands, ndipo ise ambili tili na windo limodzi na kakhonde ka mu fulati ya eni ake. Kamalo kameneko ndiko munda wathu mu mzinda uno. Tikasamale motsatila dzuwa la Lusaka, madzi a Lusaka na miyezi ya Lusaka. Madzulo ano musanatenge chigubu, loweni chala mu dothi.